Zida Zimene Makolo Athu Ananyamula M'nkhalango za ku Burma

Ife a muno mu Chawama tikakhala ndi ulendo wa ku Kabwata, ku Libala kapena ku Chilenje, dzina la Burma Road limatuluka pakamwa pathu mosavuta ngati dzina la mwana wa m'nyumba, ndipo palibe amene amaima kuti afunse kuti Burma ameneyu ndani. N'chimodzimodzinso ndi kampu ya asilikali ya Arakan kufupi ndi State House, ya Chindwin ku Kabwe, ya Kalewa ku Ndola ndi ya Taung-up ku Mufulira. Onsewa ndi maina a malo a m'dziko limodzi la ku Asia limene lero likutchedwa Myanmar. Arakan ndi dera la m'mphepete mwa nyanja, Chindwin ndi mtsinje waukulu, Kalewa ndi Taungup ndi matauni aang'ono. Maina amenewa anafika kuno chifukwa anyamata a m'midzi yathu anakamenyako nkhondo ndi Ajapani m'zaka za 1944 ndi 1945, ndipo ena mwa iwo anatsala m'manda a komweko.

Ambiri a ife tinawaona akuluakulu amenewa atakalamba, atavala mamendulo awo pa tsiku lokumbukira asilikali mu Novembala. Tinkawafunsa za sitima ya pamadzi ndi za njovu zogwira ntchito. Funso limene sitinkafunsa kawirikawiri, koma limene moyo wao unapachikikapo, ndi ili: kodi m'manja mwao anawapatsa chiyani, ndipo chimene anawapatsacho chinali choyenera malo amene anawatumako?

Gulu la Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa mu 1933, litapatulidwa kuchokera ku polisi ya dziko lino, ndipo chinenero cholamulira asilikali ake chinali Chinyanja. Bataliyoni yake yoyamba inalawa nkhondo mu Ogasiti 1940 pa Tug Argan ku Somaliland, polimbana ndi Ataliyana. Kumeneko ndi dziko la miyala ndi minga, kumene munthu amaona mdani wake akali kutali ngati kadontho. Atachoka ku Africa anapita ku chisumbu cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 analowa m'Burma ali m'chigulu chachikulu cha 11th East African Division, chotsogozedwa ndi Major-General Charles Fowkes, ndipo anayenda limodzi ndi abale athu a Keyala ochokera ku Nyasaland ndi ku Uganda. Bataliyoni yachitatu inatumizidwa ku Arakan, ndipo ndiyo inamenya nkhondo cha ku Taungup mu 1945.

Nkhalango ndiyo inkalamula

Ntchito imene a 11th Division anapatsidwa inali yothamangitsa Ajapani amene anagonja pa Imphal ndi pa Kohima, kuwatsata m'chigwa cha Kabaw mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Anayamba mu Ogasiti 1944, pakati penipeni pa nyengo ya mvula, nthawi imene kale magulu ankhondo kumeneko ankayamba aleka kumenyana. Inu amene mumadziwa mmene njira za ku Kuku ndi ku Kanyama zimakhalira mu Januwale, ganizirani matope otero kwa miyezi, popanda nyumba yothawiramo, pansi pa mitengo italiitali imene nthambi zake zakumana pamwamba, pakati pa nsungwi ndi ziyangoyango. Malole ankatitimira. Misewu ankaiyala ndi mitengo yogoneka, milatho ina ankamanga ndi thandizo la njovu, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkagwetsedwa kuchokera m'ndege. Chilichonse chikafika pansi chinkayenda pamsana pa munthu kapena pa nyulu.

Malo otere amasintha maganizo onse a wosankha zida. Pa chidikha amafunsa kuti mfuti iyi imafika patali bwanji. M'nkhalango funso limenelo lilibe ntchito, pakuti mdani umamuona ali pa mayadi khumi kapena makumi awiri, nthawi zina umangomva tsamba kuthetheka. Mafunso amakhala ena. Kodi chidachi chitembenuka msanga pakati pa zitsamba? Kodi chilira chitagona m'matope usiku wonse? Nanga munthu wodwala malungo, amene wadya theka la phoso lake, achinyamula mpaka madzulo? Katundu wa msilikali woyenda pansi sankasiyana kwenikweni ndi thumba la ufa la makilogalamu 25 lija timavutika nalo kuchokera pa sitolo kufika kunyumba. Tsono iye ankakwera nalo mapiri oterera tsiku ndi tsiku. Chilichonse chowonjezera chinkatanthauza kusiya china, kaya madzi, kaya bulangete, kaya zipolopolo.

Mfuti ya msilikali wamba inali Lee-Enfield, imene akuluakulu ankangoitchula kuti 303. Tisainyoze: inali mfuti yabwino. Inkalowa zipolopolo khumi, pamene ya Mjapani inkalowa zisanu zokha. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankatha kuombera kakhumi ndi kasanu pa mphindi imodzi, akulozetsa bwinobwino. Inali yosavuta kutsuka, ndipo matope sankaigonjetsa msanga popeza dzanja la munthu ndilo linkakoka chitsulo chotulutsa khoko la chipolopolo ndi kulowetsa china. Chipolopolo chake chinali champhamvu, chotha kuboola nsungwi ndi timitengo tating'ono n'kukapeza wobisala kuseri.

Koma inapangidwira nkhondo ina. Poyezera pake pa mtundu wakale panalembedwa manambala ofika mayadi 2,000, mtunda umene m'chigwa cha Kabaw munthu sakanauona ngakhale atakwera mumtengo. Kutalika kwake kunali kopitirira mita imodzi, kulemera kwake pafupifupi makilogalamu anayi, ndipo ukaikako mpeni wa kunsonga inkakola m'ziyangoyango ngati nyanga za mphalapala. Chovuta chachikulu chinali chakuti ukaomba kamodzi unkayenera kukoka chitsulo chija usanaombenso. Kanthawi kameneko n'kochepa pa bwalo lophunzirira. Pamene wakumana ndi mdani maso ndi maso pa kanjira kopapatiza, kanthawi komweko kangathe kukhala kotsiriza.

Chifukwa cha ichi otsogolera timagulu ndi oyenda patsogolo ankapatsidwa timfuti tating'ono tolavula zipolopolo zambiri nthawi imodzi. Poyamba inali Thompson ya ku America, yolimba koma yolemera kuposa 303 imene, ndiponso yodula. Kenaka inabwera Sten. Mfuti imeneyi inapangidwa mofulumira mu 1941, Angerezi atataya zida zambiri ku France, ndipo cholinga chinali chakuti ikhale yotsika mtengo ndi yotheka kupangidwa m'mashopu aang'ono. Maonekedwe ake anali ngati mpope wa madzi umene wowotcherera wa pa Soweto waulumikiza ndi zidutswa zotsala. Inali yopepuka, makilogalamu atatu okha, ndipo inkalowa zipolopolo 32. Anapanga pafupifupi mamiliyoni anayi. Koma kabokosi kake ka zipolopolo, kamene kankatulukira cham'mbali, kankakola m'zitsamba, ndipo kakalowa dothi kapena kakapindika pakamwa pang'ono chabe mfutiyo inkakana kulira. Choipa china n'chakuti ikagwa pansi mwamphamvu inkatha kulira yokha. Kunena zoona, amene anasankha Sten anasankha poyang'ana thumba la boma ndi changu cha mafakitale. Sitinganene kuti analibe zifukwa, popeza Britain inali pa mpanipani. Koma mtengo wa chisankho chotere amalipira ndi munthu uja amene ali kutsogolo kwa mzere.

Kuti zinali zotheka kupanga chida chabwinopo, anaonetsa ndi anthu a ku Australia. Iwo anali ndi mfuti ya Owen, yotchedwa dzina la mnyamata amene anaiyambitsa, Evelyn Owen. Kabokosi kake kanali pamwamba, kotero kuti zipolopolo zinkatsika mothandizidwa ndi kulemera kwake komwe, ndipo makoko ndi dothi zinkagwera pansi. Poiyesa anaiviika m'matope ndi mumchenga, koma inapitirira kulira pamene zinzake zinaleka. Asilikali a ku Australia anaidalira kwambiri m'nkhalango za New Guinea.

Chiwaya ndi chikwanje

Chida chimene kagulu konse kankadalira chinali chiwaya cha Bren. Dzina lake linachokera ku mizinda iwiri: Brno ku Czechoslovakia kumene anachilinganiza, ndi Enfield ku England kumene ankachipanga. Kagulu kalikonse ka anthu pafupifupi khumi kanali ndi Bren imodzi. Inkalemera makilogalamu khumi, ndipo ankaipatsa munthu wamphamvu ndi wodekha mtima. Kabokosi kake kokhota kankakhala pamwamba, kolowa zipolopolo 30, ngakhale odziwa ankaikamo 28 kuti kasamakanirire. Mpope wake ukatentha ankauchotsa n'kuikapo wina m'kanthawi kochepa. Zipolopolo zake zinali zomwe zija za 303, ndipo ichi chinali chanzeru, pakuti ndege ikagwetsa bokosi limodzi linkadyetsa mfuti zonse ziwiri. Msilikali aliyense m'kagulumo ankanyamulako timabokosi ta Bren m'matumba a pachifuwa. Tinganene kuti anthu asanu ndi anayi ankayenda kuti adyetse ndi kuteteza mfuti imodzi, ndipo mfutiyo inkawateteza onse. Wonyamula Bren akagwa, wina ankaitola nthawi yomweyo, zake zonse n'kuyamba wazisiya.

Komabe ngakhale Bren inkalephera pamaso pa maenje a Ajapani. Iwo anali akatswiri pokumba. Ankafolera dzenje ndi zipika zikuluzikulu ndi dothi lochindikala, n'kubzala zitsamba pamwamba, kusiya kazenera kopapatiza koombera. Maenjewo ankawakonza moti lina linkateteza linzake: ukathamangira ili, lija limakuombera m'nthiti. Apa pankafunika bomba la pamanja, lija la nambala 36, limene linkaphulika patapita masekondi anayi. Munthu ankakwawa mpaka pafupi ndithu kuti aliponye pa kazenerako. M'nkhalango bomba lotere lili ndi ngozi yakeyake, chifukwa likagunda nthambi limabwerera kwa mwini wake. Vuto lomwelo linali ndi timizinga toponya mabomba m'mwamba: usanaombe unkayenera kuyang'ana kumwamba ndi kupeza mpata pakati pa masamba, kuopa kuti bombalo lingaphulikire pamutu pa anzako.

Pa mbali imeneyi Ajapani anali atasankha bwino. Mfuti yao ya Arisaka inali yaitali kuposanso 303, yosayenera m'zitsamba, ngakhale mtundu wake wa chipolopolo chaching'ono unkatulutsa moto ndi utsi wochepa, kotero kuti wobisala mumtengo ankavuta kumuona. Koma anali ndi kamzinga kakang'ono ka Type 89, kosafika makilogalamu asanu, konyamulidwa ndi munthu mmodzi, kotha kuponya bomba mamita oposa 600, ndipo anali nato tambiri. Tsinde lake linali lokhota ngati lokhazika pa ntchafu. Asilikali ena a mbali ya Angerezi ndi Amereka amene anatola timizingati anayesadi kutikhazika pa mwendo, ndipo anathyoka fupa. Tsindelo analikonzera pansi kapena pa chipika.

Tsono pali chida chimodzi chimene mnyamata wa ku Katete kapena ku Lundazi sanafunikire kuchiphunzira kwa Mzungu. Asilikali ochokera kuno ndi kum'mawa kwa Africa ankanyamula chikwanje, chimene m'gulu lankhondo chinkatchedwa panga. M'mabuku a zida sichipatsidwa malo aakulu, koma taganizani za tsiku limodzi la msilikali m'chigwa chija. Njira yolambula ndi chikwanje. Nsungwi zomangira msasa, machira onyamulira wovulala, phaka loolokera mtsinje, zisonga zozika kuzungulira malo ogona, bwalo loti ndege igwetsepo chakudya, zonsezi ndi ntchito ya chikwanje. Mfuti inkatha kukhala masiku ambiri osalira, koma chikwanje sichinkapuma. Sichidya zipolopolo, sichikanirira, ndipo chikachita dzimbiri mwala wa mumtsinje umachikonza. Usiku, mdani akalowa pakati pa msasa, pamene kuomba mfuti kukanapha mnzako kapena kuulula pamene chiwaya chabisika, chinkagwiranso ntchito ina imene sitifuna kuifotokoza m'magazini yowerengedwa ndi ana. Ife tikuona kuti pa zida zonse zimene makolo athu ananyamula, ichi chokha ndicho chinafika ku Burma chili choyenera kale malowo, pamodzi ndi dzanja lochidziwa kuyambira ubwana.

Atsogoleri achizungu a magulu a Afirika anaphunziranso kuti chida chingathe kumpereka mwini wake. Munthu woyera nkhope, wonyamula kamfuti ka m'chiuno pakati pa asilikali akuda, anali woyamba kusankhidwa ndi Mjapani wobisala. Motero ambiri anayamba kudzola zakuda kumaso, kuchotsa zizindikiro za udindo ndi kunyamula mfuti yofanana ndi ya anyamata ao.

Sitingamalize za Burma osatchula kam'bulu kachikasu kotchedwa mepacrine. General William Slim, mkulu wa Fourteenth Army imene a 11th Division anali pansi pake, analemba kuti mu 1943 pa munthu mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala panali anthu 120 ochotsedwa chifukwa cha matenda. Malungo, kamwazi ndi matenda ofalitsidwa ndi tinthata ta m'udzu zinkagwetsa anthu kuposa zipolopolo. Slim analamula kuti msilikali aliyense azimwa kam'buluko tsiku lililonse, ndipo atsogoleri ena amene magulu ao anapezeka akuzemba anawachotsa pa udindo. M'chigwa cha Kabaw ndege zinapoperanso mankhwala a DDT. Mfuti yabwino m'manja mwa munthu wonjenjemera ndi malungo ili ngati khasu m'manja mwa wakhanda.

Ndi zida zimenezi, zoyenera ndi zosayenera zomwe, a 11th Division analowa m'Kalewa pa 2 Disembala 1944 ndi kutsegula njira yoolokera Chindwin. Patangopita masiku ochepa anamanga pamenepo mlatho woyandama wa mamita pafupifupi 350. Nkhondo itatha mu 1945 zida zonse anabweza kwa eni ake. Makalata a boma la Britain amene anaululidwa mu 2019 anaonetsa kuti pa ndalama yothokozera, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene Mwafirika ankawerengeredwa masheleni atatu ndi theka.

Mfuti yaifupi inafika mochedwa

Madandaulo a kutalika ndi kulemera kwa 303 anafika ndithu ku England, ndipo mu 1944 anayamba kupanga mtundu wake waufupi, wa nambala 5, umene anthu anaupatsa dzina loti Jungle Carbine. Anadula mpope, anasema zitsulo zina kuti zipepuke, kotero kuti inatsala mita imodzi ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chipolopolo chinali chomwe chija champhamvu, tsono mfuti yopepukayo inkamenya phewa ngati bulu, ndipo inkatulutsa moto wambiri moti anachita kuiikira kachitsulo konga fanulo kunsonga. Panamvekanso dandaulo lakuti ukaiyeza bwino lero, mawa imaponya pambali. Mu 1947 analeka kuipanga. Ku Burma inafika nkhondo ili kumapeto.

Kumene inagwira ntchito kwenikweni ndi ku Malaya, pa nkhondo ya m'nkhalango yolimbana ndi zigawenga zachikomyunizimu zotsogozedwa ndi Chin Peng, imene inayamba mu 1948 ndi kutha mu 1960. Kumenekonso anthu athu anapita. Mabataliyoni awiri a Keyala a ku Nyasaland anasinthana kuyambira mu 1952, ndipo bataliyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment inatumikira kuyambira 1954 mpaka 1956. Nkhondo ya ku Malaya inalibe maenje ofolera ngati a Ajapani. Asilikali ankatha kuyenda kapena kubisalira masabata ambiri osaona munthu, kenaka mwadzidzidzi anthu awiri kapena atatu n'kutulukira, n'kuzimiririkanso m'masamba m'masekondi owerengeka. Chakudza sichiimba ng'oma. Pa mpata wochepa chotero, chofunika chinali chida chimene chingagunde munthu wothamanga popanda kuyeza bwinobwino.

Phunziro lomweli Amereka analilipira ndi magazi ku Vietnam patapita zaka khumi. Anasiya mfuti yao yaitali ndi yolemera ya M14 n'kutenga M16, yopepuka, ya zipolopolo zazing'ono zimene munthu angathe kunyamula zambiri. Maganizowo anali olondola. Koma akuluakulu anasintha mtundu wa wonga wa m'zipolopolo, ndipo mfuti zambiri zinatumizidwa popanda zotsukira zokwanira. M'chinyontho cha kumeneko makoko a zipolopolo ankakanirira m'kati, ndipo anyamata anafa mfuti zao zitaleka kulira. Nkhaniyi inafika ku nyumba ya malamulo ya ku America, kumene komiti yotsogozedwa ndi Richard Ichord inafufuza ndi kutulutsa lipoti lake mu 1967, ndipo mfutiyo anaikonza. Adani ao anali ndi AK-47, imene sikuyeza bwino patali koma imalira ngakhale itadya dothi, yomwe ija tinadzaidziwa ifenso m'zaka za nkhondo za ku Zimbabwe ndi ku Mozambique.

Ku Malaya, Angerezi anasonkhanitsa zida za mitundumitundu pofuna yankho. Anabweretsa Owen ija ya ku Australia, timfuti topepuka ta ku America ta M1 ndi M2, ndi Bren ya mpope wofupikitsidwa. Koma m'magulu ambiri munthu woyenda patsogolo penipeni, amene ankayamba kukumana ndi mdani, anampatsa mfuti ya Browning kapena Remington yomwaza timachaka tambiri pa kuomba kumodzi, ndipo kafukufuku wa asilikali eni ake anaonetsa kuti pa mtunda waufupi inkagunda kawirikawiri kuposa mfuti za nkhondo. Mfuti imeneyo kwathu timaitcha chifefe, ndipo timaphera nkhanga.